Mmene Alangizi Anaombera M'manja ku Michesi

A Shadrick Kamphata, mlangizi wa zaulimi amene ankayang'anira alimi a mpunga m'madambo a ku Chilwa, anatumizidwa ku Japan kukaphunzira za ulimi wothirira. Anakhalako masabata awiri okha, koma kufotokoza kwa ulendowo kunadutsa nyengo yonse yachisanu, kukafika m'chilimwe kusanathe.

Ukawapatsa moni pamsika wa pa Phalombe ankakuyankha bwino, kenaka n'kukuuza mmene anthu a ku Japan amapatsirana moni. Ukadandaula za fumbi, ankakuuza kuti ku Japan fumbi kulibe, ndipo ankanena ngati kuti anakalisesa ndi iwo. Za mpunga zimene anapitira sankazitchula kwenikweni. Chimene chinawakhala pamtima ndi Loweruka lina limene aphunzitsi awo anawatenga kukaona kachisi wakalekale wa chipembedzo cha makolo a kumeneko, chimene eni ake amachitcha Shinto.

Nkhani ya kachisiyo inali ndi dongosolo lake, ndipo akazi awo, a Lenia, ankaidziwa ngati Pemphero la Ambuye. Inkayambira pamene basi inaima. Kenaka kunkabwera kamsewu ka timasitolo togulitsa makeke a mpunga ndi zipewa. Ukatha kamsewuko, unkafika pachipata chofiira, chachitali kuposa mtengo wa magetsi: mizati iwiri, mitanda iwiri pamwamba, chitseko palibe, mpanda palibe.

"Chipata chopanda mpanda, mayi," ankatero a Kamphata, ataimika chala m'mwamba. "Anthu akafika pokhulupirirana amatero."

Kuseri kwa chipatacho kunali nkhalango ya mitengo ikuluikulu, ina itamangidwa chingwe cha mapesi a mpunga m'chiuno. Munthu sunkayenda pakati pa njira, chifukwa pakatipo ndi pa mizimu, eni malowo. Unkafika pa mwala wogoba wa madzi, n'kutunga ndi kachikho ka nsungwi, kusamba dzanja lamanzere, lamanja, kutsuka m'kamwa. Kenaka masitepe a miyala, amene ankachuluka nthawi iliyonse imene nkhaniyo yafotokozedwa. Pamwamba penipeni unkaponya kandalama kachitsulo m'bokosi, kugwedeza chingwe cha belu, kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kukhala chete pang'ono, n'kuweramanso.

Zonsezi a Kamphata anazichita bwino kwambiri moti mphunzitsi wawo anawayamikira pamaso pa anthu a m'maiko ena. Mnzawo wa ku Zambia anawajambula pa foni. Tsiku lomwelo a Kamphata anatumiza kanemayo pagulu la mpingo la pa Watsapu, ndi mawu oti: Moni nonse kuchokera ku Japan.

Tsono a Kamphata anali mkulu wa mpingo. Kwawo kunali ku Ntcheu, ku Phalombe anabwera ndi ntchito n'kukwatirako, koma mpingo unawalandira msanga chifukwa anali ndi jekete, mawu omveka, ndiponso njinga yamoto. Lamulungu lililonse ankakhala kutsogolo, pambali pa guwa, pa umodzi mwa mipando yokhala ndi potsamira, nkhope kuyang'ana anthu. Mpando umenewu ankaukonda. Sankanena, koma ankaupukuta ndi mpango asanakhalepo ndiponso akanyamukapo.

Chaka chapitacho mvula inadula mpaka chimanga chinapiringizika masamba. Amayi ena a m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi anatenga ufa ndi thobwa n'kupita ku kachisi wa makolo awo amene ali m'tsinde mwa phirilo. Pakati pawo panali a Belita, mkulu wake wa a Lenia. Nkhani itafika kubwalo la akulu a mpingo, amene anayankhula nthawi yaitali kuposa onse anali a Kamphata. Anati pa zinthu za Mulungu palibe chilamu. A Belita anaikidwa pa mwambo: mgonero ayi, kwaya ayi, malo awo benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Anthu anawatama a Kamphata kuti ndi munthu wosayang'ana nkhope, ndipo iwo anavomereza kuti ndi mmene analengedwera.

Mkulu wa mpingo wina, a Noah Makina, mlimi wa nandolo wobadwira konko, anauona kanema wa ku Japan uja tsiku lomwe anatumizidwa. Anangousunga mu foni. A Noah sanali munthu wothamanga. Nandolo anawaphunzitsa kudikira: umamudzala limodzi ndi chimanga, chimanga n'kucha, n'kukololedwa, n'kudyedwa, iye adakali m'munda. Anadikira mpaka tsiku lina bwalo litatha nkhani zonse, abusa atafunsa ngati pali zina ndi zina.

"Abusa, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero a Noah, akutulutsa foni m'thumba la malaya. "Ndingofuna ndithandizidwe. Mu kanema uyu, a Kamphata akuombera ndani m'manja?"

A Kamphata anaseka kuseka kwa munthu woyenda. "Chimenecho ndi chikhalidwe, a Noah. Anthu a m'maiko onse amachita zimenezo akafika pamenepo. Ngakhale azungu."

"Eya, zikomo," anatero a Noah. Anabweza foni m'thumba, n'kumanga batani. "Ndiye a Belita aja tinawadulira chiyani?"

Abusa anali munthu wachinyamata amene ankaopa mikangano kuposa malungo. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenaka anati nkhaniyo idzakambidwa pabwalo lotsatira. A Kamphata adzafotokoze kusiyana kwa zimene anachita iwo ndi zimene anachita a Belita. Kusiyanako kukamveka, nkhani yatha. Kukapanda kumveka, mwambo ndi umodzi kwa aliyense.

Kunyumba a Lenia anamva zonse akusankha mpunga m'lichero.

"Mungopepesa, abambo a Happiness," anatero osadzutsa mutu. "Abusa aja sakufuna nkhani."

"Ndipepese chiyani? Kuyenda?"

"Kuomba m'manja."

"Iwe sunamvetse. Zinthu ziwirizi ndi zotalikirana ngati ndege ndi ngolo."

"Ku Michesiko munafikako?"

Zaka zonsezi a Kamphata phirilo ankaliona tsiku lililonse, ndipo kachisi wake anamudzudzula mwamphamvu pabwalo, koma anali asanamuonepo. Anaganiza kanthawi, kenaka anapeza njira yoti funso la akazi awo likhale ganizo lawo.

"Munthu wa sayansi sayerekeza zinthu ziwiri ataona chimodzi," anatero. "Ndipitako. Ndikaone ndi maso anga, ndikawathere mawu a Noah."

Munthu yekhayo amene akanawalondolera popanda kulengeza m'mudzi anali a Belita omwewo. Anawapeza pakhonde pawo akusenda nyemba za kalongonda zowiritsa zokagulitsa kumsika. Anali mayi wonenepa, wosafulumira, wa maso ooneka ngati akudziwa kale zimene ukufuna kunena ndipo sizinawasangalatse.

"Alamu a ku Japan," anatero a Belita. "Mwasochera?"

"Ndabwera pa kafukufuku."

"Mwa kalongonda?"

A Kamphata anafotokoza. Anayesetsa kuti zimveke ngati akuwachitira ulemu a Belita powasankha. A Belita anamvetsera mpaka kumapeto, akutaya makoko m'beseni.

"Ndiye mukufuna munthu amene munamudula chifukwa chopita kumeneko akuperekezeni komweko."

"Simukachita chilichonse. Mukangondilozera."

"Akandiona ndani adzanditeteze?"

"Muli ndi mkulu wa mpingo."

"Eya," anatero a Belita. "Pakadali pano."

Ananyamuka m'mawa wa tsiku lina lapakati pa sabata. Njinga yamoto inawafikitsa pamene msewu unasanduka njira ya mapazi, ndipo anaisiya pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa munthu. A Kamphata anavala nsapato zawo za kumunda zimene zinali zisanaonepo munda, ndi chipewa chofiira chimene anagula m'timasitolo ta pakachisi wa ku Japan uja.

Njira inadutsa m'minda ya chinangwa, kenaka m'minda ya nandolo wouma amene ankachita phokoso mphepo ikawomba. Atakwera pang'ono minda inatha, kunatsala zitsa ndi maenje akuda a makala. Dzuwa linali litakwiya kale. A Belita ankayenda patsogolo, chitenje chakuda m'chiuno, osatembenuka. A Kamphata ankaima pafupipafupi, ati kuti aone mtundu wa dothi. Kumbuyo kwawo dambo linayalika mpaka ku Chilwa, nyanja ikuoneka ngati lata lotayidwa patali.

"Ku Japan akanaika masitepe apa," anatero akupuma mwaphuma.

"Mukawauze abwere."

"Komanso chikwangwani. Mlendo angadziwe bwanji kuti akulowera kuti?"

"Kuno mlendo amabwera ndi mwini wake."

Atakhota pa mwala wina waukulu anaona nkhalango. Inayamba mwadzidzidzi, ngati munthu anachita kulemba mzere: kuno zitsa, uko mitengo yaitali yothithikana, ya mibawa ndi mikuyu, mizu yake itakumbatira miyala. A Kamphata anali atatha zaka zambiri akulalikira za kudzala mitengo m'midzi yomweyi. Anagawa mbande, anakhazikitsa makomiti, anajambulitsa ndi alendo atagwira makasu atsopano, ndipo mbuzi zinadya zonse. Apa mitengo inangoima yokha, popanda komiti, popanda chikwangwani cha bungwe lililonse. Zimenezi sizinawasangalatse, ndipo anaganiza zoti pabwalo asadzazitchule.

A Belita anaima pamphepete pa mthunzi.

"Nsapato zitsale pano. Wotchi ndi foni muike m'nsapatomo. Chipewacho chivuleni, zofiira sizilowa."

Nkhope ya a Kamphata inawala. "Zofiira sizilowa? Ku Japan chipata chenichenicho n'chofiira. Mwaona? Kusiyana koyamba kumeneko."

"Mwapeza msanga. Tibwerere?"

"Ayi, tiyeni."

Mapazi a a Kamphata anali a munthu wa muofesi, ndipo anamva kamwala kalikonse payekhapayekha. Koma m'katimo munali mozizira. Phokoso la mphepo linatsala kunja, kunkangomveka madzi. Anafika pa kamtsinje kotuluka pansi pa mwala, ndipo a Belita anawerama n'kusamba m'manja ndi kumaso, n'kutsuka m'kamwa.

A Kamphata anawayang'ana mokayika. "Chimenecho ndi mwambo?"

"Ndi thukuta, alamu."

Iwonso anali ndi thukuta. Anasamba, koma anaonetsetsa kuti ayambe ndi dzanja lamanja, kuti zisafanane.

Kachisiyo anali patsogolo pang'ono, pamalo osesedwa bwino pansi pa mtengo wa msolo umene unamangidwa kansalu kakuda pathunthu. Kanali kanyumba kofika m'chiuno, ka timitengo ndi udzu, kopanda chitseko. Pakhomo pake panali miphika iwiri yadothi, umodzi wobenthuka kukamwa, ndi madontho oyera a ufa wakale amene nyerere zinali kumalizitsa.

A Kamphata anazungulira kanyumbako, manja kumbuyo. Anasuzumiramo. Anayang'ana uku ndi uku ngati kachisi weniweni ali penapake kuseri.

"Ndi chimenechi?"

"Mumayembekeza malata?"

Mtima wawo unakhala pansi. Chinthu ichi akanatha kuchinyamula pa njinga yamoto. Kuchiyerekeza ndi chipata chija, masitepe aja, denga lija lopindika ngati nyanga za ng'ombe, kunali kuchita chipongwe dziko lonse la Japan. Anamva chisoni pang'ono ndi a Noah.

"Tsono mukafika pano mumatani?" anafunsa ndi mawu awo a pamsonkhano wa alimi.

"Ine ndili pa mwambo, alamu. Munandiletsa ndi inu. Ndingokuuzani pakamwa." A Belita anakhala pa muzu, natambasula miyendo. "Timagwada. Wamkulu amathira ufa, amathira thobwa. Amatchula maina a amene anatsogola. Amawauza kuti ana anu kuno tikupsa. Ife tikuomba m'manja."

"Kangati?"

"Chiyani?"

"Kuomba m'manjako. Kangati?"

"Mpaka wamva kuti zakwana."

A Kamphata anapukusa mutu mwachifundo. "Mwaona vuto lathu? Palibe dongosolo. Chilichonse chongoganizira. Ulimi chimodzimodzi, feteleza timangowaza. Anzathu aja chilichonse chili ndi muyeso wake. Taimani ndikuonetseni."

Pa moyo wawo wonse a Kamphata anali asanaonepo munthu wosadziwa chinthu n'kumusiya choncho. Anaima moyang'ana kanyumba kaja, chifukwa chionetsero chimafuna poyang'ana. Analumikiza zidendene. Anawongola msana.

"Choyamba, suthamanga. Umaima mowongoka. Kenaka umawerama, osati kungogwedeza mutu ngati ukupatsa moni wa kabaza, koma kuchokera m'chiuno. Chonchi. Kawiri."

Anawerama kawiri, mozama, msana uli thabwa.

"Kenaka manja. Dzanja lamanja limatsika pang'ono, zala zisafanane. Ndiye umaomba."

Anaomba. Phokosolo linagunda mwala wa kuseri kwa msolo n'kubwerera, loyera, lokoma. Ku Japan kuja kunali khamu la anthu ndi ana a sukulu, moti kuomba kwawo sanakumve bwino. Apa ndiye kunamveka mmene kunayenera kumvekera. Anaombanso kuti atsimikize.

"Dzanja liti limatsika?" anafunsa a Belita.

"Lamanja. Taonani bwino, ndiyambirenso."

Anayambira pachiyambi: zidendene, msana, kuwerama, kuomba. Kenaka anagwirizanitsa manja pachifuwa n'kutsinzina.

"Apa umakhala chete. Umanena chimene ukufuna, koma mumtima. Osati kufuula ngati pamaliro."

Anakhala chete, ndipo kunena zoona anachedwerapo, chifukwa kamphepo kanali kabwino ndipo mapazi anali atasiya kuwawa. Anamaliza ndi kuwerama komaliza, kozama kuposa konse, n'kutembenuka kuti alandire mafunso.

Kunja kwa mitengo, panjira yotsika kuchokera kumtunda kwa phiri, panaima amayi atatu atasenza mitolo ya nkhuni. Anaoneka kuti aima kwa kanthawi, chifukwa mmodzi anali atatsamiritsa mtolo wake pamwala. Wapatsogolo anali a Enelesi, akazi a a Noah Makina.

"Mwaswera bwanji, alangizi," anatero a Enelesi mwaulemu wonse, akupinda maondo pang'ono pansi pa mtolo.

"Ndaswera... ndikungofotokoza, mayi. Ndi chionetsero chabe."

"Pitirizani, bambo. Ife tikungodutsa."

Anathandizana kusenza, n'kutsika. Sanaseke, sanayankhulane. Ankangoyenda mofulumira kuposa mmene anthu osenza nkhuni amayendera.

A Kamphata anatembenukira kwa mlamu wawo. "Munawaona?"

"Ndinkayang'ana dzanja lamanja."

Potsika sanayankhule za masitepe. Atafika pamene anasiya njinga, mwini khomo anawalandira ndi ulemu woposa wa m'mawa, nafunsa ngati kumtundako zayenda bwino. Atafika kunyumba anapeza a Lenia akudziwa kale kuti anavula nsapato, kuti anatsinzina, ndiponso kuti anagwada n'kulira, zimene sizinachitike koma zinali zitalowa kale m'nkhaniyo ndipo panalibe wozitulutsa.

Bwalo linakumana Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. A Kamphata anavala suti imene anakwera nayo ndege. Atapatsidwa mpata anaimirira n'kufotokoza kusiyana kwa akachisi awiriwo, ndipo anafotokoza bwino. Wina ndi wofiira, wina amadana ndi zofiira. Wina ali ndi masitepe, malo oimika mabasi, zimbudzi zamadzi. Wina alibe ngakhale njira yeniyeni. Wina boma lake limamusamala monga chuma cha dziko, ndipo amabweretsa alendo. Wina ndi khola la nkhuku lopanda nkhuku. Ku Japan munthu umaima chilili, monga mlendo wolemekeza eni dziko. Ku Michesi amagwada. Mkulu wina wokalamba anagona pakati pa masitepe ndi zimbudzi, koma ena onse anamvetsera.

A Noah anadikira mpaka a Kamphata atakhala pansi.

"Za ku Japan zamveka, abusa. Ndi kutali, ife sitinafikeko. Ine ndingofunsa za pafupi. A Kamphata, kuphiri kuja mumatani?"

"Ndimaphunzitsa."

"Ophunzira anali ndani?"

"A Belita."

"Eya. Pophunzitsapo munayang'ana kwa a Belita kapena ku kanyumba kaja?"

"Chionetsero chimafuna..."

"Nsapato zinali kuti?"

"Panja. Ndi lamulo la pamalopo."

"Lamulo la ndani?"

A Kamphata anayang'ana abusa. Abusa ankayang'ana chivundikiro cha Baibulo lawo ngati akuchiona koyamba.

"Ine mafunso anga atha," anatero a Noah. "Mwina kungowonjezera kuti a Belita chaka chatha anapita kamodzi. Sindikudziwa ngati zimawerengedwa."

Abusa anatsokomola. Ankawafuna a Kamphata pabwalopo. Njinga yamoto ija inkawafikitsa kumipingo ya kutali, ndipo munthu wodziwa kuyankhula pamaso pa alendo sapezeka paliponse. Choncho anawatsegulira khomo lalikulu ndithu, loti ngolo n'kudutsa.

"Abale, tonse timaterereka. Ine ndikuona kuti a Kamphata sanapite kukapembedza, uko kapena kuno. Anatengeka ndi malo. Ngati anganene pano kuti zinthu ziwirizi ndi chimodzi, kachisi ndi kachisi, ndipo konse kuwiri analakwitsa, bwalo liwachenjeza, nkhani ithere m'chipinda muno. Lamulungu akhala pamalo pawo. Sichoncho, a Noah?"

"Ine ndilibe mawu, abusa. Akangonena kuti ndi chimodzi."

Aliyense ankadziwa kuti nkhani yatha, moti mkulu wogona uja anadzutsidwa kuti akonzekere pemphero lotsekera.

A Kamphata anaona mpando wawo m'maganizo, potsamira pake, ndi nkhope za anthu zikuwayang'ana Lamulungu m'mawa. Ankaufuna. Mawu ofunikawo anali ochepa, ndipo anafika mpaka pa lilime. Koma kenaka anaona chimene mawuwo ankatanthauza. Ngati zinthu ziwirizo zinali chimodzi, ndiye kuti iwo anakwera ndege usana ndi usiku, kudutsa nyanja zikuluzikulu, kusintha ndege m'maiko a eni, kuti akaone chinthu chimene chili kuseri kwa munda wa chinangwa wa mlamu wawo. Ndiye kuti miyezi yonseyi pamsika, pa maliro, pa misonkhano ya alimi, ankafotokozera anthu a ku Phalombe zinthu zimene agogo awo ankachita osavala nsapato. Munthu aliyense amene anamuimitsa panjira akanakhala ndi ufulu wowafunsa kuti amubwezere nthawi yake.

Anaimirira, namanga batani la jekete.

"Abusa, za ku Michesi ndikupepesa. Ndinalakwitsa malo ochitira chionetsero. Koma za ku Japan sindingapepese, ndipo sindinganene kuti ndi chimodzi. Ndingakhale ndikunama pamaso pa bwalo. Amene anafikako angandimvetse."

"Pano amene anafikako ndi inu nokha," anatero abusa motsitsa, ngati akuwapatsa mpata womaliza.

"N'chifukwa chake ndikuyenera kuima pa choonadi."

Abusa anatseka maso kanthawi. Kenaka ananena zimene zinatsala kuti zinenedwe. A Kamphata anaimitsidwa pa ukulu wa mpingo ndi pa mgonero kufikira bwalo litaona kusintha. A Noah ndi amene anapempha kuti chilangocho chisapose cha a Belita, ndipo onse anayamikira mtima wawo wachifundo.

Lamulungu a Lenia anaganiza kuti amuna awo adwala mutu, koma iwo anavala jekete n'kunyamuka nthawi yake. Analowa m'tchalitchi anthu atakhala kale. Miyendo inafuna kupitirira mpaka kutsogolo mwachizolowezi, ndipo anachita kuikumbutsa. Benchi lakumbuyo linali thabwa pa njerwa, lopanda potsamira. Panali a Belita, mnyamata wina amene anatenga mkazi osadalitsa ukwati, ndi bambo wina wofulula kachasu amene anakhalapo nthawi yaitali moti ankaoneka ngati mwini benchi.

A Belita anasuntha pang'ono osawayang'ana.

"Khalani kuno, alamu. Uko kuli msomali."

Anakhala. Kuchokera pamenepo guwa linkaoneka laling'ono, ndipo pampando wawo panali chipewa cha a Noah, amene anakhala pampando woyandikana nawo. Kamphepo kankalowa pakhomo. Panja pankamveka mbuzi ndi belu la njinga. Kwaya inayamba nyimbo, anthu anaimirira, ndipo a Kamphata anazindikira kuti kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri palibe amene akuona ngati akuyimba kapena ayi.

Anapirira mpaka pa zolengeza. Kenaka anaweramira kwa bambo wa kachasu uja.

"Mukudziwa, bambo," ananong'ona, "ku Japan munthu wolemekezeka sakhala kutsogolo m'galimoto. Amakhala kumbuyo."

Bamboyo anaganizira nkhaniyo mofatsa, akuyang'ana kutsogolo.

"Ndiye kuti ine ndinayamba kalekale," anatero.

"Chete inu," anatero a Belita. "Akulengeza za maliro."